Njira ya shuga ili pansi pa khungwa

Kupha mtengo sikulira nkhwangwa nthawi zonse. Mukamakwera mapiri pa msewu wochoka pa Boma la Mangochi kupita ku Namwera, kapena mukalowa pang'ono m'tchire la kuseri kwa midzi, mudzapeza mitengo ina yoti munthu anaisenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, n'kuisiya ili chiimire. Wochita zimenezi amadziwa chimene akufuna. Kudula mtengo wauwisi m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu, pamene nkhuni zouma anthu amatola, ndipo kunyanja kuno nkhuni sizikwana: zowambira nsomba, zootchera njerwa, zophikira. Ndiye amaupha mwakachetechete, kuti chaka chamawa adzanene kuti anaupeza utauma wokha.

Chodabwitsa n'chakuti mtengowo suonetsa msanga kuti wavulala. Masamba amakhalabe obiriwira miyezi yambiri, nthawi zina kudutsa dzinja lonse. Ungathe kuchita maluwa, ngakhale kubereka kumene. Madzi akanakhala kuti amadzera m'khungwa, masamba akanafota tsiku lomwelo ndi dzuwa la Okutobala la kuno. Koma madzi amakwera m'kati, m'gawo lolimba lija timachekamo matabwa, ndipo chikwanje sichinafikemo. Chimene chadulidwa ndi njira yotsitsa chakudya. Mizu imakhala mumdima, sipanga chakudya, imadikira chochokera kumasamba. Njira ikatsekeka imayamba kudya zimene inasunga, zikatha imafa ndi njala, ndipo ikafa m'pamene madzi amasiya kukwera. Masamba amauma pomalizira, mtengo utafa kale pansi.

Ambirife tinakula tikudziwa kuti chomera chimadya ndi mizu, ndipo n'zomveka, popeza manyowa ndi feteleza timathira pansi. Mizu imakokadi madzi ndi mchere wa m'nthaka. Koma ufa umene uli m'chinangwa, kutsekemera kwa mango a boloma, ngakhale thabwa la bwato, zambiri mwa zimenezi zinapangidwa m'tsamba. Tsamba limatenga mpweya wa carbon dioxide, n'kuuphatikiza ndi madzi pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, chotulukapo n'kukhala shuga. Vuto limene chomera chilichonse chili nalo ndi la mtengatenga: shuga wapangidwa kumwamba, koma odya ali ponseponse, ku mizu, ku zipatso, ku nsonga zimene zikuphuka, ku thunthu limene likunenepa.

Choncho chomera chili ndi njira ziwiri zoyandikana. Ya madzi akatswiri amaitcha xylem, ya shuga amaitcha phloem. Mu mtengo, phloem ili m'kati mwenimweni mwa khungwa, pamene khungwa limakhudzana ndi thunthu. Aliyense amene anafundulapo luzi anaigwira ndi manja. Tengani kanthambi ka mango kapena ka mombo m'nyengo ya mvula, mulowetse chikhadabo, mukoke. Khungwa limasupuka mosavuta, ndipo m'kati mwake mumakhala moyera, monyowa, moterera, mwa fungo lauwisi. Mukalisiya padzuwa kanthawi kochepa, kuyera kuja kumasanduka kofiirira. Poterera paja pali maselo, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chomera, amene amagawikana chaka ndi chaka, ena n'kupita m'kati kukakhala thabwa, ena kunja kukakhala khungwa. Mbali yoyera ya khungwayo ndiyo njira ya shuga. Gawo limene likugwiradi ntchito pa nthawi imodzi ndi lopyapyala kwambiri, m'mitengo yambiri silifika ngakhale milimita imodzi. Mtengo wa mango woti anthu awiri sangaukumbatire, mizu yake yonse imadyera m'kagawo kameneko.

Mlambe ndi wina. Mukaona milambe ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, yambiri ili ndi zipsera m'munsi mwake pamene anthu anasenda kuti apeze luzi, ndipo ku Liwonde njovu zimachita kuikumba ndi minyanga. Koma imapola. M'thunthu lake muli maselo amoyo ambiri amene amatha kumeretsa khungwa latsopano pabala. Mitengo yambiri mwayi umenewu ilibe, n'chifukwa chake asing'anga odziwa ntchito yawo amasenda mbali imodzi, kachidutswa kotsika m'litali, osazungulira.

Zosenda mitengo pofuna kumvetsa m'mene imadyera zinayamba kale. Cha m'ma 1670, Marcello Malpighi wa ku Italy anachotsa khungwa kuzungulira nthambi, n'kuona kuti m'mwamba mwa bala mukutupa pamene m'munsi simukukula. Kutupa kumeneku mungakuone pa mtengo uliwonse umene wina anamangapo waya wa chingwe choyanikira zovala n'kuiwala kumasula: pamwamba pa waya pamatukumuka mlomo, pansi pake ayi. Chakudya chimatsika, chikafika pa waya chimaunjikana. Umboni woyezedwa bwino unadzabwera mu 1928, ndipo unachokera ku mbewu imene timaidziwa bwino kuno, thonje. T.G. Mason ndi E.J. Maskell, akugwira ntchito pa malo ofufuzira za thonje ku Trinidad, ankasenda mapesi a thonje n'kumayeza shuga usana ndi usiku. Anapeza kuti shuga akachuluka m'masamba masana, pakapita maola amachulukanso m'khungwa, kuti amaunjikana pamwamba pa bala, ndiponso kuti madzi amakwerabe ngati palibe chachitika.

Nanga m'kati mwa kagawo kameneka muli chiyani? Woyamba kuona timachubu take ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono anali Theodor Hartig, katswiri wa za nkhalango wa ku Germany, mu 1837. Ndi maselo ataliatali olumikizana kumapeto, oonda kuposa tsitsi la m'mutu, ndipo khoma limene lili pakati pa selo ndi linzake ndi lobookabooka ngati sefa ya ufa. Maselo a njira ya madzi amafa kaye kuti ayambe ntchito, amangotsala makoma okhaokha. A njira ya shuga amakhala amoyo, koma ndi moyo wachilendo. Selo likamakhwima limataya pafupifupi zonse za m'kati mwake, mpaka phata limene limasunga malangizo a selo, kuti madzi a shuga adutse popanda chopinga. Lokha silingakhale. Pambali pake pamakhala selo lina laling'ono, lobadwa nalo kuchokera ku selo limodzi, limene limalidyetsa, kulikonza ndi kuthandiza kulowetsamo shuga. Limodzi likafa, linzake limafanso.

Munthu angafunse kuti ngati m'khungwa muli madzi a shuga, bwanji tikatema mtengo sitiona uchi ukuchucha? Chifukwa njirayi imadzitseka yokha. Ikangobooledwa, tizinthu ta m'kati mwa selo timakankhidwira pa timabowo tija n'kutitseka nthawi yomweyo, kenako chomera chimamata ndi phula lake lotchedwa callose. Utomoni woyera umene umatuluka mukathyola papaya wamuwisi kapena tsamba la chinangwa, ndi uja wa mango umaotcha milomo ya ana, ndi zina. Umachokera m'timitsempha tina, ndipo ntchito yake ndi kuthamangitsa zodya chomeracho. Kudzitseka kumeneku kunavutitsa ofufuza zaka zambiri, chifukwa ukangoigwira njirayi kuti uiyeze, yasiya kale kugwira ntchito.

Amene anawatsegulira chitseko ndi nsabwe za m'masamba.

Pa dimba lathu la m'mbali mwa Shire pali mtengo wa ndimu umene chaka chilichonse ukaphukira umagwidwa nsabwe. Ndimakonda kutembenuza tsamba lanthete n'kumaziyang'ana. Zimakhala zitaunjikana m'mbali mwa mtsempha waukulu, zakuda, zina zazikulu zina zongobadwa kumene, zonse mitu pansi, osasuntha. Sizitafuna tsamba. Iliyonse yalowetsa kamlomo kake koonda kwambiri, kamene kamakhotakhota pakati pa maselo mpaka kukafika m'kachubu kamodzi ka shuga, ndipo malovu ake amaletsa kachubuko kudzitseka. Nsabweyo sivutika n'kuyamwa. Madzi amadzikankha okha kulowa m'thupi mwake, ochuluka kuposa amene ikufuna, moti kumbuyo kwake kumatuluka kadontho kowala. Nyerere zimakwera mumtengo pamzere, ina n'kufika pa nsabwe, kuigwedeza ndi tinyanga take, kadontho n'kutuluka, iyo n'kumwa, n'kupita pa ina. Madontho amene nyerere zaphonya amagwera pa masamba a m'munsi. Mukawagwira amamata zala, ndipo pakapita masabata pamamera nkhungu yakuda ija imadetsa masamba a ndimu ndi mango. Anthu amathamangira kugula mankhwala a nkhunguyo, chonsecho iyo ikungodya shuga wotayika. Gwero lake ndi nsabwe zimene zili pamwamba, ndipo nyerere zimazilondera, kuthamangitsa tizilombo tina timene tikanazidya.

Nsabwe zimataya shuga wambiri chonchi chifukwa chimene zikusaka kwenikweni ndi zomangira thupi, zimene m'madziwa zilimo zochepa. Kuti zipeze zokwanira ziyenera kumwa kopitirira muyeso.

Mu 1953, ofufuza awiri ku England, J.S. Kennedy ndi T.E. Mittler, anachita chinthu chanzeru. Anasiya nsabwe kuti ilowetse mlomo wake, kenako anadula thupi, mlomo n'kutsala uli chilowere. Pa mlomo wodulidwawo panapitirira kutuluka timadontho kwa maola ambiri, nthawi zina masiku. Kwa nthawi yoyamba anthu anapeza madzi a m'njira ya shuga osasakanikirana ndi china chilichonse. Kuyambira pamenepo, ndiponso pogwiritsa ntchito carbon wokhala ndi chizindikiro chimene makina amatha kuchitsatira, zambiri zinadziwika. Shuga wake kawirikawiri ndi sucrose, yemweyo timathira mu tiyi. M'zomera zambiri amakhala magawo 10 mpaka 25 pa 100 alionse a madziwo, pamene zakumwa za m'botolo zotsekemera zija zimakhala ndi pafupifupi 10. Liwiro lake ndi pakati pa theka la mita ndi mita imodzi pa ola, kapena kupitirirako pang'ono. Shuga wopangidwa m'mawa pa tsamba la chimanga amakhala atafika ku mizu dzuwa lisanalowe.

Tsono chimakankha madziwa n'chiyani, popeza chomera chilibe mtima wopopa? Yankho limene akatswiri ambiri amavomereza lero linachokera kwa Ernst Münch wa ku Germany, amene analifotokoza mokwanira mu 1930. Limatsamira pa khalidwe limodzi la madzi: pakakhala kachikopa kopyapyala kamene kamalola madzi kudutsa koma n'kukaniza shuga kapena mchere, madzi amapita mbali imene kuli shuga kapena mchere wambiri. N'zimene zimachitika mukathira mchere pa matimati odula, mbale n'kudzaza madzi. M'tsamba, chomera chimalongedza shuga m'timachubu tija mpaka kuchuluka kuposa m'maselo ozungulira, ndipo m'zomera zambiri ntchito imeneyi imadya mphamvu. Madzi ochokera m'njira ya madzi, imene ili pafupi pomwepo, amathamangira m'kachubumo. Makoma ake ndi olimba, sangatambasuke, ndiye m'katimo mumadzaza mpaka kuthina. Kumapeto kwina, ku muzu kapena ku chipatso, shuga akutsitsidwa, madzi akutuluka naye, kachubu kakuphwa. Madzi amachoka kothina kupita kophwa, atanyamula shuga ndi zonse zimene zasungunukamo. Ena mwa madzi otuluka kumapetowo amalowanso m'njira ya madzi n'kukwera.

Kwa zaka zambiri ena ankakayika. Ankati pa chomera chachifupi n'zotheka, koma pa mtengo wautali, madzi a shuga onandawa angadutse bwanji timabowo tambirimbiri kuchoka kunsonga kukafika ku mizu? Mu 2016, gulu lotsogozedwa ndi Michael Knoblauch wa ku Washington State University ku America linayesa pa chomera choyanga chotchedwa morning glory, chimene ndi chibale cha mbatata yathu ya kholowa. Anachisiya kuti chitalike kwambiri, n'kuthyola masamba onse a m'munsi kuti shuga aziyenda mtunda wautali. Anapeza kuti chomera chachitali chimathinitsa kwambiri kumasamba, ndipo timachubu take timadutsitsa madzi mosavuta kuposa ta chachifupi. Münch anali atamwalira kalekale, mu 1946, pamene umboni umenewu unkapezeka.

Kwa ine mlimi, phindu la fundo ya Münch lili apa: madziwa alibe malo amodzi amene analamulidwa kupita. Amapita kumene akutsitsidwa mwachangu. Amatha kutsika, amathanso kukwera, ndipo pa tsinde limodzi kachubu kena kangakhale kakukweza pamene kena kakutsitsa. Masamba a m'munsi amakonda kudyetsa mizu, a pamwamba amadyetsa nsonga, ndipo chipatso chimadya kwambiri kwa masamba oyandikana nacho. Tsamba lanthete limayamba ndi kudya, likakula n'kuyamba kudyetsa ena. Ndiye zambiri zimene timachita m'munda, kaya tikudziwa kaya ayi, ndi kusankha wodya.

Chinangwa chimaonetsa bwino zimenezi. Chaka chonse masamba amatumiza shuga pansi, ndipo mizu imamusandutsa ufa n'kusunga. Chilimwe chikafika povuta, chimayoyola masamba n'kukhala chete. Mvula yoyamba ikagwa chimafuna masamba atsopano mwachangu, ndipo kulibe kwina kotenga koma m'nkhokwe. Njira imatembenuka, ufa umasungunuka n'kukwera. N'chifukwa chake chinangwa chokumba mvula itangoyamba chimakhala chamadzimadzi, chosapsa bwino, ndipo amayi ogula pa msika amachidziwa pongothyola kachidutswa. Phesi la chinangwa limene timadula n'kubzala limaphuka ndi chakudya chimene linasunga m'kati, lisanakhale ndi muzu ngakhale umodzi.

Kwathu mkangano wa nkhwani subwera ndi alendo. Malume anga amafuna maungu, akazi awo amafuna ndiwo. Tsiku lina ndinawapeza ali pa mzere wa maungu, azakhali atanyamula lichero.

"Mayi, mwayambanso? Dzungu ili likula ndi chiyani mukamalithyolera masamba?"

"Bambo, ine ndikutenga a kunsonga okha. Akuluakuluwa ndawasiya. Kapena mudya nsima ndi mchere?"

Azakhali anali ndi mfundo kuposa m'mene malume ankaganizira. Masamba anthete a kunsonga, amene ndiwo okoma pa ndiwo, amakhala asanayambe kupereka zambiri, ndipo nsonga yokhayo imalimbirana chakudya ndi dzungu. Kuitsina mwa apo ndi apo sikupweteka dzungu. Cholakwika ndi kuthyola masamba akuluakulu oyandikana ndi chipatso, kapena kubwerera pa phata lomwelo kawirikawiri moti chomera chizingokhalira kuphuka. Chigwada ndi kholowa n'chimodzimodzi: kutapa pang'ono sikuononga, koma munda umene ukuthyoledwa sabata ndi sabata musauyembekezere mizu ikuluikulu. Pa chimanga ndiye pasakhale masewera. Chakudya chambiri chodzaza maso chimapangidwa ngayaye zitatuluka, ndipo chimachokera ku tsamba la pa chisononkho ndi a pamwamba pake. Kusadzula masamba amenewa chimanga chisanakhwime kuti mudyetse mbuzi ndi kuchotsa ufa m'thumba.

Alimi a fodya a ku Namwera ndi Katuli amachita zosiyana. Iwo akufuna tsamba, ndiye amathena maluwa ndi kuphata mphukira kuti chakudya chisapite ku njere. Wa matimati amachotsa mphukira za m'khwapa kuti zipatso zikule. Nzimbe imasunga shuga wake m'tsinde momwemo osamusandutsa ufa, ndipo mfundo za m'munsi, zimene zinayamba kale kulandira, ndizo zotsekemera, pamene kunsonga kumene kukukulabe kumakhala kozizira. Ku Dwangwa ndi ku Nchalo amadula nzimbe m'miyezi yopanda mvula, chifukwa kuzizira ndi kuuma zikachepetsa kukula, shuga amaunjikana m'malo mogwiritsidwa ntchito.

Palinso mwambo uja wotema mtengo wa mango umene ukukana kubereka. Agogo ena amachita kuulankhula akuutema ndi chikwanje, amvekere ukapanda kubereka chaka chino ndikugwetsa. Anthu ophunzira amaseka, koma m'menemo muli choona. Mabala odutsa m'khungwa amachedwetsa shuga kutsika, amaunjikana m'nthambi, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mtengo uchite maluwa ndi kugwira zipatso. Alimi a mphesa ndi zipatso zina m'maiko ambiri amachita dala, ndi mpeni, kamzere kopyapyala koti kapole m'masabata ochepa. Chimene sindigwirizana nacho ndi kutema mwaukali chaka ndi chaka. Mizu imakhala ndi njala nthawi yonse imene bala lisanapole, ndipo mabala akuya ndi khomo la chiswe ndi matenda. Komanso mango ambiri mwachibadwa amabereka kwambiri chaka china n'kupuma chaka chotsatira, mwa zina chifukwa zipatso zambiri zimatha nkhokwe za mtengo. Mtengo wotero ukungopuma, chikwanje sichikufunika. Pomezanitsa mango, chimene timalimbikira pomanga ndi pulasitiki n'chakuti poterera paja pa mbali ziwirizo pakhudzane, kuti njira zonse ziwiri zilumikizane. Pakaphonyana, kamtengo kapamwamba kamauma ngakhale mutamanga mwaluso bwanji.

Migwalangwa ndi kanjedza, pamodzi ndi chimanga, nzimbe ndi nsungwi, zili m'gulu lina. Zilibe khungwa losendeka chonchi. Njira zake ziwiri zinamangidwa pamodzi m'timitolo tomwazikana m'tsinde lonse, tija timaoneka ngati timadontho mukadula phesi la chimanga, kapena timatsalira m'mano mukamatafuna nzimbe. Mgwalangwa sungauphe pousenda. Koma ndi umene anthu anaupezera njira yokama madzi a shuga enieniwo. Uchema, umene umadziwika kwambiri ku chigwa cha Shire, ndi madzi a phloem. Wogoma amadula kunsonga, n'kuika chotengera, ndipo tsiku lililonse amabwera kudzashenga kagawo kopyapyala pabalapo. Akapanda kutero timabowo timatsekeka, kudontha n'kusiya. Ongotuluka kumene amakhala otsekemera, oti ndi mwana yemwe angamwe, koma ndi kutentha kwa kuchigwa amayamba kuwira pa maola ochepa. Mtengo umalipira: ukadulidwa pa nsonga yokulira, tsinde limenelo nthawi zambiri limafa.

Njira yabwino chonchi siyenda eni ake okha. Mavairasi ambiri a mbewu amalowa ndi malovu a tizilombo toyamwa, n'kuyenda ndi shuga kufika paliponse pamene shuga akupita. Chisaka cha nthochi, chimene chinayamba kuoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 n'kudzasakaza minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, chimafalitsidwa ndi nsabwe ya nthochi ndipo chimakhala m'njira ya shuga. Pofika poti masamba aime njo mothithikana, kachilombo kafika kale mu phata ndi m'ana onse, n'chifukwa chake alangizi amati zulani phata lonse, kudula tsinde lokha sikuthandiza. Khate la chinangwa limayenda ndi ntchentche zoyera komanso ndi mapesi odwala amene timapatsana pachibale. Khate la mtedza limabwera ndi nsabwe. Kodikodi, tizilombo toyera toyamwa tija, amene anachokera ku South America n'kudzafika kuno m'ma 1980, ankayamwa chinangwa mpaka nsonga kupiringizika, ndipo anagonja ndi kamavu kakang'ono kochokera kwawo komweko, kamene bungwe lofufuza za ulimi la IITA linakafalitsa m'maiko ambiri a mu Africa. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Mankhwala ena opha udzu, monga glyphosate, amadzeranso momwemu: mumapopera pa masamba, iwo n'kutsika ndi shuga mpaka ku mizu, n'chifukwa chake amagwira bwino udzu ukakhala wobiriwira ndi wokula, osati wofota ndi chilala. Ngakhale uthenga woti nthawi yochita maluwa yakwana, m'zomera zambiri umapangidwa m'tsamba n'kuyenda m'njira yomweyi kupita kunsonga. Mikhail Chailakhyan wa ku Soviet Union anaganizira zimenezi m'ma 1930, koma puloteni yonyamula uthengawo inadzatsimikizika mu 2007.

Mchere wa m'nthaka nawo uli ndi nkhani yake. Umakwera ndi madzi kupita kumasamba, chifukwa ndiko madzi amathera. Chipatso ndi njere sizitaya madzi ambiri, ndiye sizikoka zambiri m'njira ya madzi. Gawo lalikulu la nayitirojeni, fosifolasi, potaziyamu ndi maginiziyamu zimene zimafika mu njere zimadzera kumasamba kaye, n'kulongedzedwa pamodzi ndi shuga. Chomera chimathanso kusamutsa zimenezi kuchoka ku tsamba lokalamba kupita ku latsopano. Chimanga chikasowa nayitirojeni, chikasu chimayamba masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga ya tsamba kutsata mtsempha wapakati, pamene a pamwamba akadali obiriwira. Chikuphwasula akale kuti chimange atsopano. Chikasu chikayamba masamba anthete a pamwamba, ganizirani zina, monga salufa kapena ayironi, zimene sizisamuka msanga. Pamenepo kuthira Urea wina ndi kutaya ndalama. Salufa ndi S uja amalembedwa pa thumba la feteleza wokulitsa.

Wovuta kwambiri ndi kashiamu. Iyeyu m'njira ya shuga sayendamo kwenikweni. Akafika m'tsamba wafika, sabwerera. Matimati a m'dimba aja amaola kunsi, bala lakuda lophwatalala moyang'anizana ndi pa kamtengo, ambiri amati ndi matenda n'kumapopera mankhwala. Si kachilombo. Chipatso chikukula mwachangu ndi shuga wochuluka, koma kashiamu amangobwera ndi timadzi tochepa ta m'njira ya madzi, ndipo kunsi kwa chipatso ndiko kumapeto kwa ulendo. Mukathirira lero n'kudumpha masiku m'kutentha kwa Seputembala, masamba amalanda madzi onse, kunsi kwa tomato n'kusowa. Nthawi zambiri m'nthaka kashiamu alimo. Chofunika ndi kuthirira mosadukiza ndi kuphimbira nthaka ndi udzu.

Mtedza ndiye unafika nazo patali. Chikhutupa chake chili pansi pa nthaka, sichitaya madzi, ndiye njira ya madzi sichibweretsera kanthu. Shuga ndi nayitirojeni zimatsika kuchokera kumasamba bwinobwino, koma kashiamu sangadzere kumeneko. Chikhutupa chimayenera kuyamwa chokha kashiamu m'dothi limene chakhudzana nalo, masentimita ochepa a pamwamba pa mzere. Dothi limenelo likakhala la mchenga wosuluka, monga ambiri a kunyanja kuno, kapena likauma pa nthawi imene mtedza ukulowa pansi, mudzakolola mphwephwa: mitengo yobiriwira bwino, makoko akuluakulu, m'kati mopanda kanthu. Mitundu ya maso akuluakulu monga CG7 ndi Chalimbana imafuna kashiamu wambiri kuposa ya maso ang'onoang'ono. Kupopera kashiamu pa masamba a mtedza sikungathandize, chifukwa palibe njira yomutsitsira. Alangizi akamati thirani gypsum, ufa wokhala ndi kashiamu, amatanthauza kumwaza pamwamba pa mzere pomwepo mtedza ukayamba maluwa, kuti mvula imusungunulire m'dothi limene zikhutupa zidzakuliremo.